Vani yoyendera batire: zoyenera kudziwa wabizinesi wa mu Blantyre asanasiye dizilo

Vani yoyendera batire ndi galimoto yonyamula katundu, yotseka kumbuyo, yomwe ilibe injini ya petulo kapena dizilo. M'malo mwa thanki ya mafuta ili ndi batire lalikulu loyalidwa kunsi kwake, ndipo m'malo mwa injini ili ndi mota yamagetsi yomwe imazungulitsa mateyala. Mwini wake sapita kumalo omwetsera mafuta. Amailumikiza kumagetsi monga timachitira ndi foni ya m'manja, kungoti iyo imadya mayunitsi ambiri ndipo imatenga maola ochuluka kuti idzadze.

Galimotoyi ndi yosiyana ndi zija zimatchedwa hybrid, monga Toyota Aqua ndi Prius, zomwe zachuluka m'misewu ya m'dziko muno. Izo zili ndi batire laling'ono longothandizira injini, koma popanda petulo siziyenda. Ya batire lokhalokha ilibe ngakhale paipi yotulutsira utsi.

Nkhani ya galimoto zotere ikukhudza kwambiri amene amapereka katundu m'magolosale ndi m'maokala a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri: ophika buledi, ogulitsa mazira ndi nkhuku, ooda zakumwa, ogawa mankhwala m'mafamase, obwereketsa mipando ndi matenti a paukwati. Kwa anthu amenewa galimoto ndiyo khasu lawo. Tsiku lomwe yagona pamzere wa mafuta ndi tsiku lomwe buledi wagonera ndipo kasitomala wapeza wina womupatsira katundu.

Chomwe chadzutsa nkhaniyi

Malawi alibe mafuta akeake. Petulo ndi dizilo yense amagulidwa kunja ndi madola, n'kudzera kumadoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique komanso Dar es Salaam ku Tanzania. Ndalama zakunja zikachepa, mafuta nawo amasowa, monga zidachitikira mu 2022, 2023 komanso kumapeto kwa 2024, pomwe mizere ya galimoto inkatalika kuchokera m'malo omwetsera mafuta mpaka kudya mbali ina ya msewu wa Masauko Chipembere.

Mtengo nawo sudakhale malo amodzi. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mwezi womwewo bungwe la Mera lidakweza petulo kufika pa K2 530 ndi dizilo pa K2 734 palita. Mu October 2025 petulo adafika pa K3 499 ndipo dizilo pa K3 500. Amene adakakamizika kugula wa m'zigubu panthawi ya kusowa akudziwa kuti mtengo wa pamsewu umaposa pamenepa kutalitali.

Magetsi ndiye ndi apakhomo. Gawo lalikulu la magetsi a m'dziko muno limapangidwa ndi kampani ya Egenco pamtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo Escom ndiyo imawagawa. Pamwamba pa amenewa pali a dzuwa ochokera ku Salima, komwe kuli malo opanga mamegawati 60, ndi ku Golomoti m'boma la Dedza, komwe kuli mamegawati 20 pamodzi ndi mabatire osungira mphamvu. Choncho galimoto yoyendera magetsi imayendera madzi a Shire ndi dzuwa la ku Salima, zinthu zomwe sizidikira sitima ku Beira.

Momwe imagwirira ntchito

Kukula kwa batire kumayezedwa ndi kWh, ndipo kWh imodzi ndiyo yunitsi yomwe ija timagula ku Escom. Batire la 40 kWh ndiye kuti limasunga mayunitsi pafupifupi 40. Vani yaing'ono yonyamula katundu imadya mayunitsi apakati pa 20 ndi 25 pamakilomita 100 aliwonse, kutengera kulemera kwa katundu, zitunda ndi phazi la dalaivala.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimachititsa kuti galimotoyi iyenerane ndi mzinda ngati Blantyre. Choyamba, ikaima siidya kanthu. Vani ya dizilo ikakhala pamndandanda wa galimoto ku Ginnery Corner kapena pamsika wa Limbe, injini imangolira n'kumapsereza mafuta osasuntha. Ya batire imakhala chete. Chachiwiri, potsetsereka mota imasanduka jenereta n'kumabwezera mphamvu ina m'batire, kwinaku ikuchepetsa liwiro la galimoto. Blantyre ndi mzinda wa zitunda ndi matsitso, womangidwa pakati pa mapiri a Ndirande, Soche, Michiru ndi Bangwe. Mphamvu yomwe galimoto yataya pokwera, ina mwa iyo imabwerera potsika, ndipo mabuleki amachedwa kutha.

Ilibenso zambiri zofuna kusintha pafupipafupi. Mulibe oyilo wa injini, mulibe mapulagi, mulibe fyuluta ya mafuta, mulibe kilatchi. Zotsala ndi mateyala, mabuleki, mashoko, mabushi ndi kabatire kakang'ono ka mavoti 12 koyatsira magetsi ndi kompyuta ya galimoto. Mateyala okha ndiwo amatha msanga pang'ono chifukwa galimotoyi ndi yolemera ndipo imanyamuka mwamphamvu.

Masamu ake

Tiyerekeze vani yomwe imanyamuka ku Makata m'mamawa, n'kuzungulira Ndirande, Chirimba ndi Machinjiri, kubwerera kukapakiranso, kenako masana kukafika ku Zingwangwa, Limbe ndi Bangwe. Tinene kuti patsiku imayenda makilomita 80, masiku 26 pamwezi. Amenewa ndi makilomita 2 080.

Ngati ndi ya dizilo ndipo imamwa malita 10 pamakilomita 100, pamwezi ifuna malita 208. Pamtengo wa mu October 2025 wa K3 500 palita, ndalamayo ndi K728 000. Ngati ndi ya batire ndipo tiipatse mayunitsi 25 pamakilomita 100, kuphatikizapo mphamvu yotayika potchaja, pamwezi ifuna mayunitsi 520. Kuti mayunitsi amenewa afanane mtengo ndi dizilo uja, yunitsi imodzi iyenera kugulidwa pa K1 400. Aliyense atenge risiti yake ya mayunitsi, agawe ndalama yomwe adalipira ndi mayunitsi omwe adalandira. Apeza kuti mtengo wa yunitsi uli pansi kwambiri poyerekeza ndi pamenepa. Phindu lonse la galimotoyi lagona pa kusiyana kumeneku.

Koma masamuwa ali ndi mbali ina. Vani ya batire imagulidwa modula kuposa inzake ya dizilo ya msinkhu ndi zaka zofanana, ndipo nayonso imagulidwa ndi madola omwe akusowawo. Ndalama yomwe wa dizilo amalipira pang'onopang'ono pamalo omwetsera mafuta, wa batire amalipiriratu tsiku logula. Ngati mpambawo ndi wangongole ya kubanki, chiwongoladzanja cha m'dziko muno, chomwe m'zaka zaposachedwa chakhala chikuposa 25 peresenti pachaka, chingathe kudya zonse zomwe wapulumutsa pa mafuta. Motero funso loyenera kufunsa ndi lakuti: ndalama yoonjezera yomwe ndalipira pogula idzabwerera pakatha miyezi ingati? Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku imabweza msanga. Yongotuluka kawiri pasabata siidzabweza.

Pankhani ya msonkho, boma m'zaka zaposachedwa lidachepetsa misonkho yolowetsera galimoto zoyendera magetsi okhaokha pofuna kulimbikitsa anthu kuzigula. Popeza malamulo a msonkho amaunikidwanso chaka ndi chaka m'ndondomeko ya zachuma, woitanitsa galimoto afunse ku MRA asanatumize ndalama kunja, ndipo atchule momveka kuti galimotoyo ndi yonyamula katundu, ya chaka chakuti.

Kotchajira ndiye pagona nkhani

M'dziko muno malo otchajira galimoto a aliyense ndi owerengeka kwambiri. Wabizinesi aziwerengera malo ake okha: pakhomo, pabekale kapena pagalaja pomwe galimoto imagona.

Njira yoyamba ndi soketi wamba ya mabowo atatu. Chingwe chobwera ndi galimoto chimakoka pafupifupi 2.3 kW, kutanthauza mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola. Kubwezera mayunitsi 20 omwe vani yathu ija yadya patsiku kumatenga maola pafupifupi 9, ndiye kuti usiku wonse. Njira yachiwiri ndi tchaja yomangirira kukhoma, yokoka mpaka 7 kW, yomwe ntchito yomweyo imaimaliza m'maola atatu ngati galimotoyo imalola mphamvu yotero. Kumene magetsi amathimathima, kusiyana kwa maola 9 ndi atatu n'kumene kumagamula ngati galimoto ituluke m'mawa kapena ayi.

Apa m'pofunika kunena mosabisa. M'makomboni athu nyumba zambiri zalendi zimagawana mita imodzi, ndipo mawaya ake adaikidwa poganizira mababu, wailesi ya kanema ndi ayironi. Kukoka mphamvu yofanana ndi ya ketulo kwa maola 9 osalekeza pamawaya otere n'kuputa moto. Chingwe cholumikiza chotchipa chodutsitsa pawindo sichiyenera n'komwe. Pamafunika mita yakeyake, waya wokhuthala wochokera kubokosi la magetsi mwachindunji, chotetezera chake, waya wopita m'nthaka woikidwa bwino, komanso chida choteteza ku kukwera kwadzidzidzi kwa mphamvu magetsi akamayaka. Ntchitoyi igwiridwe ndi katswiri wokhala ndi chiphaso cha Mera, ndipo a Escom adziwitsidwe ngati pakufunika kukweza mphamvu ya mita. Pamafunikanso mpanda, pakuti chingwe cha tchaja chili ndi kopa, ndipo chosiyidwa panja usiku sichingaone m'mawa.

Nanga magetsi akathima? Anthu a mu Blantyre sadaiwale za January 2022, pomwe namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo malowo adakhala osagwira ntchito kwa nthawi yoposa chaka. Sadaiwalenso 2016 ndi 2017, pomwe madzi a m'nyanja ya Malawi ndi Shire adatsika ndipo magetsi ankathima maola ochuluka patsiku. Wosamukira ku batire sakuthawa mavuto onse. Akusinthanitsa mzere wa mafuta ndi ndondomeko ya kuthima kwa magetsi. Kusiyana kwake n'kwakuti magetsi, ngakhale panthawi yovuta, kawirikawiri amayaka pakati pa usiku pomwe ambiri agona, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yomwe galimoto imakhala itaima. Batire lokwanira ulendo wa masiku awiri limapereka mpata wopirira usiku umodzi wamdima.

Sola imathandiza, koma si ya kapanelo kamodzi ka padenga. Kuti munthu apeze mayunitsi 20 patsiku amafunika mapanelo okwana pafupifupi 5 kW, monga mapanelo 10 a mawati 500. Vuto lina n'lakuti dzuwa limawala nthawi yomwe galimoto ili pamsewu. Sola imayenera bizinesi monga ya buledi, yomwe imagawa katundu mbandakucha, galimoto n'kubwerera pamalo nthawi ya kummawa dzuwa likuswa mtengo. Kutchaja ndi jenereta ya petulo kungapulumutse tsiku limodzi, koma kukakhala chizolowezi ndiye kuti munthu wabwerera pamzere womwe ankauthawa.

Kusankha galimoto

Ambiri m'dziko muno amagula galimoto zogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan ndi ku Britain, komwe chiwongolero chili kumanja ngati kuno. Mwa mavani a batire opezeka m'misika imeneyi, yodziwika kwambiri ndi Nissan e-NV200, yomwe idayamba kupangidwa mu 2014 ndi batire la 24 kWh, ndipo kuyambira 2018 idabwera ndi la 40 kWh. Ya 40 kWh ikakhala yatsopano imayenda makilomita pafupifupi 200 malinga ndi mayeso a ku Ulaya, ndipo imanyamula makilogalamu pafupifupi 700, omwe ndi matumba 13 kapena 14 a makilogalamu 50. Palinso kakang'ono ka Mitsubishi Minicab MiEV ka ku Japan, koyenera maulendo afupiafupi, komanso za makampani a ku China monga Maxus eDeliver 3 ndi BYD T3. Zonsezi ndi zazing'ono poyerekeza ndi Toyota Hiace, ndipo chizolowezi chopakira mopitirira muyeso chimafupikitsa mtunda n'kuononga mashoko.

Pogula ya dizilo munthu amamvetsera injini ndi kuyang'ana utsi. Pogula ya batire chofunika kuposa zonse ndi thanzi la batire, lomwe limaonetsedwa mwa maperesenti pogwiritsa ntchito kachida kolumikiza kukompyuta ya galimoto. Batire limafooka ndi zaka, ndi kutentha komanso ndi kutchaja mothamanga pafupipafupi. La 24 kWh lomwe latsala ndi 70 peresenti likusunga mayunitsi osakwana 17, omwe sangamalize bwino ulendo wa makilomita 80 uja. Kugula batire lina n'kuliitanitsa kuchokera kunja kungadye gawo lalikulu la mtengo wa galimoto yonse. Opanga ambiri amalonjeza batire kwa zaka 8 kapena makilomita 160 000, koma lonjezoli kawirikawiri silitsatira galimoto yakale yomwe yawoloka nyanja. Wogula asakhutire ndi zithunzi za pa intaneti. Aumirire kuona lipoti la thanzi la batire. Safunsa adadya phula.

China choyang'ana ndi pakamwa potchajira. Za ku Japan zimagwiritsa ntchito mtundu wa CHAdeMO potchaja mothamanga, zambiri za ku Ulaya ndi ku South Africa zimagwiritsa ntchito CCS2, pomwe zopangidwira msika wa ku China zili ndi GB/T. Mitunduyi siilowerana popanda cholumikizira chapadera. Komanso zingwe zina za ku Japan zidapangidwira magetsi a mavoti 100, pomwe athu ndi a mavoti 230. Kuzilumikiza osaona n'kuotcha chida chodula.

Misewu yathu, mvula ndi amakaniko

Popeza batire lili kunsi, mwala kapena chitumbira cha pamsewu chingathe kuliphwanya. Misewu ya tala ya m'tauni ilibe vuto, koma tinjira tokwera m'mphepete mwa phiri ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, tomwe mvula imatikumba chaka ndi chaka, timafuna dalaivala wodziwa kutalika kwa galimoto yake kuchokera pansi. Batire ndi lomatidwa bwino ndipo mvula wamba siliopsa, koma kuwoloka madzi osefukira a Nasolo, Mudi kapena Naperi n'kuika chuma pachiswe. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adaonetsa zomwe madzi angachite mumzinda uno. Galimoto ya batire yomwe yamira isayatsidwe kapena kutchajidwa mpaka katswiri ataiona, ndipo iimikidwe kutali ndi nyumba. Polembetsa inshulansi, mwini galimoto aonetsetse kuti batire latchulidwa m'pangano.

Galimotoyi imayendanso mwakachetechete. Pamsika wa Ndirande kapena wa Bangwe, pomwe oyenda pansi, akabaza ndi ana amadalira khutu kuti apatuke, dalaivala ayenera kuchepetsa liwiro ndi kusamala koposa.

Amakaniko a ku Ndirande ndi odziwika dziko lonse pa luso lawo, ndipo mabuleki, mashoko ndi kuwongola thupi la galimotoyi angazigwire monga mwa nthawi zonse. Koma mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula mavoti 350 mpaka 400, mphamvu yokwanira kupha munthu nthawi yomweyo. Mbali imeneyi ndi ya munthu wophunzitsidwa, wokhala ndi magolovesi ndi zida zake. Akatswiri otere akadali ochepa, ndipo ziwiya zina zimachita kuitanitsidwa kunja, zomwe zingaimitse galimoto kwa masabata. Uwu ndi mpata womwe sukulu zaluso monga Soche Technical College, bungwe la Teveta ndi yunivesite ya Mubas zingaulowe, pakuti achinyamata oyamba kuphunzira ntchitoyi sadzasowa makasitomala.

Zomwe ena achita

Kunyamula katundu ndi batire si zachilendo padziko. Ku Britain mkaka unkagawidwa m'makomo ndi tigalimoto ta batire kwa zaka zambiri m'zaka za m'ma 1900, pachifukwa chomwechi: ulendo wake unali waufupi, wodziwika, woimaima, ndipo usiku galimoto inkabwerera pamalo amodzi. Ku South Africa, sitolo za Woolworths zidayamba mu 2023 kuperekera katundu m'makomo ndi mavani a batire 41, ngakhale kuti chaka chimenecho dzikolo lidali pavuto lalikulu la kuthima kwa magetsi. Ku Nairobi kampani ya BasiGo idayamba kuyendetsa mabasi a batire mu 2022, ndipo ku Kigali kampani ya Ampersand imasinthira mabatire anjinga zamoto za kabaza. Ethiopia, yomwe monga Malawi ilibe doko, imasowa madola koma ili ndi magetsi a madzi, idaletsa mu 2024 kuitanitsa galimoto zing'onozing'ono zoyendera mafuta. Konseku oyamba kupindula ndi amene galimoto zawo zimayenda kwambiri pamtunda wodziwika.

Woyenera kusintha ndi woyenera kudikira

Vani ya batire imayenera bizinesi yomwe galimoto yake imayenda tsiku lililonse mkati mwa mzinda, makilomita osapitirira 100 kapena 120, imagona mumpanda wokhala ndi mita yakeyake, ndipo katundu wake ndi wodzadza malo koma wopepuka, monga buledi, mazira, mankhwala ndi maphukusi. Ulendo wa ku Zomba, makilomita osakwana 70, ndi wotheka kupita ndi kubwerera ngati batire ndi la 40 kWh lathanzi. Wa ku Lilongwe, woposa makilomita 300, si wa galimoto zimenezi pokhapokha panjira patakhala potchajira podalirika. Wokaoda tomato ku Ntcheu, wonyamula simenti ndi mchenga, kapena wogoneka galimoto pamsewu kunja kwa nyumba yalendi, ayambe wadikira.

Kwa amene ali ndi galimoto zingapo, nzeru ndi kusintha imodzi yokha, ija ya ulendo waufupi ndi wokhazikika, n'kusunga ya dizilo kuti izipita kutali ndi kugwirizira tsiku lovuta. Kwa amene ali ndi imodzi yokha, chiopsezo n'chachikulu, chifukwa ikaima bizinesi yonse yaima.

Asanatulutse tambala, wabizinesi atenge kope n'kulemba zinthu zitatu kwa mwezi wathunthu: makilomita omwe galimoto yake yayenda tsiku lililonse, ndalama ndi maola omwe wataya pofuna mafuta, komanso maola omwe magetsi ayaka usiku pamalo pomwe galimoto imagona. Kenako aike manambalawo pambali pa mtengo wa vani yomwe akufuna ndi lipoti la thanzi la batire lake. Yankho la bekale ya ku Chilomoni lingasiyane ndi la wooda zakumwa wa ku Bangwe, ndipo onse awiri angakhale akulondola. Kuona maso a nkhono n'kudekha.